Kapegi M'thumba Mwanga

9 Febuluwale

Mayi a ana anga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi ana, pamodzi ndi apongozi anga. Ine kuno ndili bwino, kungoti chifuwa chija chimandiyamba m'mawa chifukwa cha nthunzi ya kuntchito, koma dzuwa likakwera chimandisiya.

Kangachepe ndapatsira dalaivala wa basi yemwe uja. Muyambe ndi malata a pakona podontha paja, musadikire kuti ine ndidzabwere. Nsapato za kusukulu za wamkuluyo mugule zokulirapo pang'ono, phazi la mwana ameneyo limakula ngati likupikisana ndi wina.

Tsopano pali nkhani, koma musadzidzimuke. Achimwene anu avulala dzanja kuntchito Lachiwiri lapitali ndipo ali m'chipatala. Akudya, akulankhula. Amayi musawauze kaye mpaka madokotala atanena zenizeni.

Malo amene timagwira ntchito simunawaonepo, ndiye ndikufotokozereni. Ndi nyumba yaitali, mazenera ake ali kumwamba kokha, ndipo timachapamo ndi kusita nsalu za m'mahotela: zoyala pabedi, zoyala patebulo, mayunifolomu a ophika. Makina ositira ali ngati chitseko chachitsulo chotentha chimene chimatsika n'kupanikiza nsalu. Ali ndi mabatani awiri otalikirana, lina kumanja lina kumanzere, ndipo chitsulocho sichitsika pokhapokha munthu atadina onse awiri pamodzi. Anawapanga choncho dala kuti manja onse akhale kutali ndi moto. Makina a alamu ndi anga ndi oyandikana, moti pogwira ntchito zigongono zathu zimatsala pang'ono kugundana. Zaka zinayi tsopano tili choncho.

Tsiku limenelo ndinali pomwepo. Zina ndidzakuuzani pakamwa.

Fungo la nsalu yotentha limandikumbutsa inu Loweruka masana, mukusita malaya anga pakhonde ndi simbi ya makala, mukuuzira phulusa kuti lisagwere pakolala. Masiku onse fungo limeneli ndi limene limandifikitsa kunyumba ndili chiimire. Sabata ino sindikulifuna.

Ndine mwamuna wanu.

9 Malichi

Mayi a ana anga,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino komanso kuti denga lasiya kudontha. Ine ndilipo.

Mwafunsa kuti kuvulala kwake ndi kotani. Ndi dzanja lamanja. Zala zinayi adula, chatsala chachikulu chokha. Amayi auzeni tsopano, koma muyambe mwawakhazika pansi.

Lamulungu masana ndinakawaona. Ndinawapeza atakhala pabedi akulimbana ndi lalanje ndi mano. Atangondiona anati, "Alamu, mwabwera chimanjamanja? Ine chifukwa ndili nacho, nanga inu?" Odwala a m'mabedi oyandikana anaseka. Ndikuwasendera lalanjelo anawonjezera kuti, "Mukamuuze mlongo wanga kuti ndatembenuka mtima, zoloza anthu chala ndasiya." Mukuwadziwa achimwene anu. Ine ndinaseka ndi mano okha.

Lachinayi kuntchito anandiitana ku ofesi ya pamwamba. Munali bwana wamkulu, kapitawo wathu amene timamutcha a Fulumirani, ndi bambo wina wa tayi amene ndinali ndisanamuonepo. Anandipatsa mpando, anandipatsanso tiyi wamkaka. Zaka zinayi zonsezi ndinali ndisanakhalepo pampando m'nyumba imeneyo. Patebulo panali pepala lotayipa kale lonena za ngozi ija. Pambali pake panali fomu yowonjezera chiphaso changa chogwirira ntchito, chimene chikutha mu Juni, ndipo mukudziwa kuti popanda siginecha ya bwana sichiwonjezedwa. Palibe amene ananena kuti mapepala awiriwo ndi apachibale. Anangowaika moyandikana. A Fulumirani anati, "Ndi zongokwaniritsa, akulu, aliyense amene analipo akusayina." Ndinasayina.

Izi ndi za m'maofesi, zisakudetseni nkhawa. Andichotsa pamakina, tsopano ndili patebulo lopindira nsalu, kumene kulibe nthunzi. Anzanga akuti ndachita mwayi.

Mbuzi yaikaziyo musagulitse ngakhale wina abwere ndi mawu okoma.

Ndine mwamuna wanu.

11 Meyi

Mayi a ana anga,

Moni kwa inu ndi ana. Pepani ndatenga nthawi osalemba. M'thupi ndili bwino.

Achimwene anu anatuluka m'chipatala, tili limodzi m'kachipinda kathu komwe kaja. Akuphunzira kudya ndi kumanzere, ndipo mabatani a malaya ndimawamangira ndine m'mawa ndisanapite. Kuntchito awachotsa. Kalata yake ikuti anaphwanya malamulo achitetezo potsamira batani lakumanja ndi chiuno, choncho kampani ilibe nawo mangawa.

Namwino wina anawalozera ofesi yothandiza antchito pa milandu. Ili pamwamba pa sitolo ya matayala, makwerero ake opapatiza, ndipo pabenchi pamakhala anthu a mabandeji, aliyense atafumbata envulopu yake. Ndinawaperekeza kuti ndiwanyamulire mapepala. Loya wake ndi mayi wamfupi wa magalasi omangirira chingwe. Anati, "Lamulo silifunsa kuti munabadwira kuti. Wolemba ntchito ayenera kuteteza wantchito aliyense, mlendo kapena mbadwa. Tikasuma kukhoti palibe amene akamangidwe, tikukapempha chipukutamisozi. Koma wosuma ndi amene amabweretsa umboni."

Apa ndiyenera kukuuzani za kapegi. Nsalu ikakhala ndi makwinya, pamafunika dzanja limodzi loiwongola chitsulo chikamatsika. Ukamadina mabatani onse awiri ntchito imachedwa, ndipo mulu umene akuikira pa tsiku sutha. Ndiye timagawa pakati pegi yamtengo yoyanikira zovala, theka lakelo n'kulikhomera m'mphepete mwa batani lakumanja kuti likhale lodinika tsiku lonse. Mapegiwo amagawa ndi a Fulumirani, amawasunga m'chitini m'kabati mwawo. Watsopano aliyense amalandira ovolosi, nsapato ndi kapegi. Anthu aboma oyendera mafakitale akafika pageti, mlonda amaimba mluzu, mapegi onse amalowa m'matumba. Tinazolowera ngati mmene munthu amavulira chipewa polowa m'tchalitchi, osaganiza n'komwe.

Alamu anafotokoza zonsezi. Mayi loya anati vuto ndi lakuti zithunzi zimene kampani inajambula tsiku la ngozi zikuonetsa batani lopanda kanthu. Alamu anati, "Kapegi kanga kanalipo, mayi, kaya kanamera mapiko. Koma mboni ndili nayo, ndi iyi. Inakwatira mlongo wanga, singathawe."

Mayiwo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mudzabwera kukhoti, bambo?"

Ndinati ndiona kaye mmene ntchito ikhalire. Tikutsika makwerero alamu anandigunda ndi phewa. "Mwaopa mzimayi wophunzira eti? Ndikakuululani kwanu."

Fizi ya wamkuluyo ndatumiza. Aphunzitsi akakupatsani lisiti mulisunge.

Ndine mwamuna wanu.

20 Julayi

Mayi a ana anga,

Ndikhulupirira muli bwino. Dalaivala wandiuza kuti katundu munalandira, koma kalata sanabwere nayo. Ndamva.

Chiphaso changa chinatuluka, andiwonjezera zaka ziwiri.

Mwina mwamva kale kwa ena, koma mumvenso kwa ine. Mlandu usanalowe m'khoti, mbali ziwirizo zimapatsana mapepala onse amene zidzagwiritse ntchito. Ine zimenezi sindinkazidziwa, ndinkayesa kuti pepala lija lidzangogona m'kabati ya bwana. Mayi loya anawawerengera achimwene anu. Likuti ine, pa zaka zinayi, sindinaonepo pegi pa makina alionse, ndipo tsiku la ngozi ndinaona alamu akutsamira batani. Sindinganame kuti sindinaliwerenge ndisanasayine. Ndinaliwerenga kawiri.

Loweruka masana achimwene anu anabwera n'kuyamba kulongedza. Sanakalipe. Zipi ya chikwama inkawavuta, ndipo nditatambasula dzanja kuti ndiwathandize anati, "Siyani." Anagwira chikwamacho ndi bondo n'kukoka zipiyo ndi mano. Pakhomo anaima n'kunena kuti, "Miyezi yonseyi mumandimangira mabatani muli nazo m'mimba. Bwenzi mutandiuza nokha, alamu."

Akukhala kwa mnzawo wa kutchalitchi, kuseri kwa siteshoni. Bedi lawo ndaliimika kukhoma koma chipinda sichinakule.

Ana muwauze kuti bambo awo ali bwino.

Ndine mwamuna wanu.

17 Ogasiti

Mayi a ana anga,

Kalata yanu yafika. Mulibe moni, mulibe za ana, muli funso limodzi lokha: munaona chiyani? Pa zaka makumi awiri simunandilemberepo kalata yaifupi chonchi, ndipo simunandilemberepo yolemera chonchi. Ndikuyankhani.

Chitsulo chitatsika, achimwene anu anakuwa. Woyamba kufika ndinali ine, sitepe imodzi yokha. Dzanja langa silinapite kwa iwo. Linapita pa batani, linazula kapegi n'kukaponya m'thumba la ovolosi. Kenako m'pamene ndinadina batani lofiira lokwezera chitsulo, n'kuwagwira.

Ndayesa kudziuza kuti ndinakazula pofuna kuti chitsulo chikwere. Koma batani lofiira linali pafupi kuposa kapegi, ndipo wofuna kupulumutsa munthu sayamba wasunga kamtengo m'thumba. Mlonda sanaimbe mluzu. A Fulumirani anali kutali, kumbali ya makina ochapira. Palibe amene anandituma. Kukuwa kwa mlamu wanga ndinakumva ngati mluzu wa pageti, ndipo thupi langa linateteza kampani mutu usanaganize. Kanali kanthawi kochepa, kongophethira kawiri. Dokotala akuti pamoto wotero kanthawi kalikonse kamadya mnofu. Sindinamufunse kuti zala zingati.

Pepala lija ndinalisayina ndi mantha a chiphaso, ndi zoona. Koma mantha aakulu anali akuti ndikavomera za mapegi, wina adzafunsa kuti ka alamu kanapita kuti.

Masiku ano ndikamapinda nsalu ndimakumbukira chaka chimene ndinkakufunsirani. Abale anu ankati ndine wosauka, wa malaya amodzi. Achimwene anu ndi amene anauza bambo anu kuti, "Malaya ndi amodzi, koma amawachapa." Ndi iwonso anandipezera ntchito kuno, n'kundigoneka pabedi lawo iwo akugona pansi mwezi wathunthu.

Kapegiko ndikadali nako, kali m'kachitini kosungira malezala. Kali ndi ulusi wobiriwira umene alamu anakulungako kuti kasasokonezeke ndi ka wina. Lolemba ndipita nako kwa mayi loya. Ndauza inu poyamba chifukwa zikavuta kuntchito, ovutika ndinu ndi ana. Za khitchini yatsopano ija muyambe mwaimika, njerwazo muzifunde zisanyowe.

Ngati simuyankha, sindidandaula.

Ndine mwamuna wanu.

16 Novembala

Mayi a ana anga,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu ndi chithunzi cha ana. Wamng'onoyo watalika, ndinachita kumuyang'anitsitsa. Ine ndili bwino, chifuwa chabwereranso chifukwa andibwezera pamakina.

Mayi loya nditawapatsa kapegi anakayang'anitsitsa. Kenako anati, "Lamulo limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa chopereka umboni. Koma ndisakunamizeni, bambo, mboni yosintha mawu amaikhulupirira movutikira. Akakuvulani pamaso pa anthu." Anandifunsa ngati pali china chimene sichidalira pakamwa panga. Ndinaganiza, ndipo ndinawauza kuti batani lililonse lakumanja m'nyumba ija lili ndi kamzere kodyeka m'mphepete, pamene timakhomera, pomwe akumanzere onse ndi osalala. Analemba msangamsanga.

Kukhoti tinalowa Lachitatu. Ndinkayembekezera chinyumba choopsa, koma ndi chipinda ngati kalasi, mabenchi asanu ndi fani yolira. Achimwene anu anakhala kutsogolo atavala jekete ya mnzawo, dzanja lili m'thumba. Loya wa kampani anali bambo wa tayi yemwe uja anandipatsa tiyi.

Nditalumbira anandionetsa pepala. "Siginecha iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga."

"Anakugwirani dzanja posayina?"

"Ayi."

"Ndiye munanama liti, mu Malichi kapena lero?"

"Mu Malichi."

"Munthu amene ananama kuti asunge ntchito, angalephere kunama kuti asunge banja? Wodandaulayu si mchimwene wa akazi anu?"

Ndinayang'ana pansi, ndinaona nsapato zanga zimene kampani yomweyo inandipatsa.

Woweruza, bambo wachikulire wolankhula motsitsa, ananyamula kapegi kali m'kapulasitiki kolembedwa nambala. Anati, "Mnzanu akupsa, inu n'kuyamba kubisa ichi. Chifukwa chiyani?"

Ndinati, "Ndi mmene tinaphunzirira ntchito, bwana."

Analemba. Ndinamva benchi ya kutsogolo ikulira, koma sindinayang'aneko. Za kubisazo achimwene anu anali atauzidwa kale ndi loya, koma aka kanali koyamba kuzimva pakamwa panga.

A Fulumirani analumbira kuti pegi amaidziwa ya pachingwe cha akazi awo basi. Mwa anzathu onse palibe anabwera, ndipo sindikuwaweruza, ndine ndani ine. Woweruza walamula kuti munthu wa khoti akaone mabatani a makina onse mlandu usanapitirire.

Potuluka ndinakumana ndi achimwene anu pakhomo. Ndinapatuka kuti adutse. Anadutsa.

Ndine mwamuna wanu.

11 Januwale

Mayi a ana anga,

Moni wa chaka chatsopano kwa inu, ana ndi apongozi. Ndili moyo, ndili bwino.

Munthu wa khoti anapeza timizere tija pa makina onse khumi ndi awiri. Sabata yomweyo kampani inapempha kuti nkhani ithere kunja kwa khoti. Achimwene anu alandira chipukutamisozi. Mayi loya anandiuza mosabisa kuti chikanakhala chokulirapo pakanapanda pepala langa loyamba, chifukwa kampani inkaligwiritsabe ntchito pokambirana. Ndinawathokoza pondiuza.

Ine anandichotsa pakati pa Disembala, akuti ntchito yachepa. Yachepa pa munthu mmodzi yekha. Mayi loya akuti ndili ndi ufulu wosuma ndipo anditsegulira kale fayilo. Ndinakhala pabenchi lija pakati pa anthu a mabandeji, ine manja onse ali athunthu, ndipo ndinasowa powaika. Pakali pano ndikugwira ganyu yotsitsa katundu kumsika waukulu. Zimene ndatumiza n'zochepa, mundikhululukire. Mbuzi ija tsopano mukhoza kugulitsa kuti wamkuluyo asakhale pakhomo.

Lamulungu masana wina anagogoda. Nditatsegula ndinapeza ndi achimwene anu, atapanira pepala ndi cholembera kukhwapa. Sanapereke moni. Anakhala pampando n'kunena kuti, "Ndikupita kumudzi kumapeto kwa mwezi. Ndikufuna amayi amve nkhani yonse ndisanafike, kuti ndisadzavutike kuifotokoza. Kumanzereku zilembo zikukana. Lembani."

Ndinati, "Mnzanu wa kutchalitchi sangakulembereni?"

"Angathe. Lembani inuyo."

Anayamba ndi moni, za ulendo, za tsiku lofika. Kenako anati, "Lembani kuti: Amayi, tsiku limene ndinapsa, mkamwini wanu anayamba wabisa kamtengo ka kampani asanandigwire ine. Pambuyo pake anasayina bodza lonena kuti ndinadzivulaza ndekha."

Cholembera chinaima.

"Inki yatha?"

"Ayi."

"Ndiye lembani."

Ndinalemba. Anandiuza kuti ndiwawerengere, ndipo ndinawerenga mokweza mawu aliwonse. Anagwedeza mutu, anayang'ana kuzenera kwa kanthawi, kenako anati, "Pitirizani. Lembani kuti anadzabwera yekha kukhoti popanda womukoka, anamuchititsa manyazi pamaso pa anthu koma sanathawe, ndipo ntchito yamuthera pa chifukwa chimenecho. Lembani kuti mtima wanga sunatsike, koma pakhomo panu asamuthamangitse munthu." Ataona pepalalo anati, "Zilembo zanu n'zoipabe ngati mapazi a nkhuku, alamu." Sanaseke, inenso sindinaseke. Koma mawu akuti alamu ndinali nditatha miyezi isanu ndi umodzi osawamva.

Kalatayo ili mu envulopu yomweyi. Amayi maso awo sakuonanso zilembo, ndiye wowawerengera ndinu. Ndikukudziwani, mukafika pamene pali za ine mudzafuna kutsokomola n'kudumpha mizere iwiri. Musadumphe. Muwerenge monga mmene achimwene anu ananenera, ndipo wamkuluyo musamutume kukatunga madzi, akhale pomwepo amve.

Ndine mwamuna wanu, bambo wa ana anu.